Denga la fulati likuthonya ku Chitakale, ndiyambire pati?

wa_Chitakale

Akuluakulu moni nonse. Ndabwera ndi vuto la denga, amene mumadziwa zomangamanga chonde ndigawireni nzeru, ine mutu waima.

Nyumba yathu ili kuno ku Chitakale, tinamanga 2015, zipinda zogona zitatu, pabalaza ndi khitchini, mulitali mamita 12 mulifupi mamita 10. Nthawi imeneyo fasho inali ya denga la fulati lobisika lija, khoma kukwera mbali zonse zinayi malata osaoneka kunja, ndiye nafenso tinalikonda. Zaka zinayi zoyambirira kunalibe vuto. Kenako kunayamba kadontho kamodzi pakona ya chipinda cha ana, tinkangotchera beseni, mmisiri n'kubwera kudzamata phula, chaka chinacho kadontho kaja n'kusamukira pena. Koma chichitikireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 zinthu zinafika poipa. Usiku wina siling'i ya chipinda cha amayi anga inatupa n'kulendewera, akazi anga anaiboola ndi mpeni kuti isawagwere, madzi ake ofiira adzimbiri anadzaza ndowa ziwiri. Ife tinapulumuka poyerekeza ndi abale athu ambiri amene anataya nyumba ngakhale miyoyo, za tsiku limenelo sindidandaula ayi, koma kuyambira pamenepo dzinja lililonse timagona ndi mabeseni. Pano chiperoni chayamba, khoma lakumbuyo lonse lanyowa mkati, penti akusupuka, nsapato za mu wadiropu zamera nkhungu, ndipo amayi chifuwa sichikuwatha. Chikundiwawa kwambiri n'chimenechi, munthu wamkulu kumagona m'chipinda chonunkha chinyezi.

Ndaitana amisiri atatu ndipo aliyense wanena zake. Woyamba akuti tichotse malata onse tiike malata a IBR, aja a migula yakuya, geji 28 basi nkhani yatha. Wachiwiri akuti malata ali bwino, tingopaka mankhwala otseka madzi aja oika ndi kansalu. Wachitatu akuti tigumule makoma am'mwambawo tiike denga wamba lotulukira kunja. Ndiye achimwene anga ali ku Johannesburg nawonso akuti bwanji tingothira silabu ya konkire kuti m'tsogolo tidzamange zipinda pamwamba.

Ndalama yanga yaikulu ndi ya ku banki m'khonde ndipo timagawana mu Disembala, mvula ili mkati. Pano ndili ndi kangachepe chabe. Ndiyambe ndi chiyani, mwezi uti, nanga banja likhala kuti nthawi ya ntchitoyi? Amene munasinthapo denga lotere ndiuzeni mmene zinayendera.

Kalipentala_wa_Luchenza

Achimwene pepani ndi za amayi. Ine ntchito yanga ndi yomweyi, ndakhoma madenga ambiri kuyambira Luchenza, Chonde mpaka ku Limbuli, ndipo ndikupempheni chinthu chimodzi, musagule lata ngakhale limodzi musanakwere pamwambapo nokha. Madenga obisika amene ndawaphwasula kuno, ambiri mwa iwo malata anali asanathe. Chimavuta n'chakuti madzi alibe kolowera. Mukaika malata atsopano pa matabwa omwewo, kutsetsereka komweko, gutter (ngalande yolandira madzi apadenga) yomweyo, pakatha zaka ziwiri mudzabwereranso pano ndi funso lomweli.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Denga lanu ndi 12 kuchulukitsa 10, ndiye kuti masikweya mita 120. Mvula ya milimita imodzi pa sikweya mita imodzi ndi lita imodzi ya madzi. Ikagwa ya mamilimita 50, imene kunsi kwa phiri kuno si yachilendo ayi imatha kugwa madzulo amodzi, pa denga panu patera malita 6,000. Amenewo ndi madiramu 30 aja a malita 200. Pa denga wamba madzi amenewa amangogwera pansi mbali zonse, koma pa lobisika onse amathamangira mu gutter imodzi yobisika kuseri kwa khoma, n'kumalimbirana kabowo ka paipi. Paipi ikachepa kapena masamba akatseka, gutter imadzaza, madzi amabwerera kunsi kwa malata n'kutsikira pa siling'i. Mwanena kuti lanyowa ndi khoma lakumbuyo eti? Ine ndikukaikira pomwepo.

Ndiye Loweruka likubwerali bwerekani makwerero, tengani tepi, levulo, tochi ndi sikuludiraiva. Poyenda pamalata pondani pamzere wa misomali pomwe pali thabwa kunsi. Yezani kuti kuchokera kumtunda kufika ku gutter denga latsika masentimita angati. IBR amafuna kutsetsereka kosachepera madigiri 5, kutanthauza pafupifupi masentimita 9 pa mita iliyonse, ndiye ngati malata anu akuyenda mamita 10 aja pakufunika pafupifupi masentimita 90. Malata wamba amizeremizere aja amafuna kuposa pamenepo, madigiri 10 kupita m'mwamba, chifukwa timigula tawo ndi tosaya. Amisiri ambiri amachepetsa dala kutsetsereka kuti khoma lobisa denga lisatalike, njerwa zisalowe zambiri, ndipo mwininyumba sadziwa kanthu chifukwa zonse zili kuseri.

Mukatero onani gutter, ndi yotakata bwanji, yachita dzimbiri pati, mapaipi otulutsa madzi alipo angati ndipo ndi a saizi yanji. Thiranimo ndowa zitatu za madzi muone ngati akuthamanga kapena akungodikha. Onaninso pamene lata lakumana ndi khoma. Pamenepo pamayenera kukhala flashing, chilata chopinda cholowetsedwa m'khoma mocheka kamzere, koma ambiri amangomata simenti pamwamba pa lata, ndipo lata limafutukuka dzuwa likawomba n'kubwerera usiku, simenti sachita nawo zimenezo, amangosweka. Pamwamba pa khomalo pakhalenso pokutidwa bwino, apo ayi chiperoni chimalowa m'njerwa pang'onopang'ono mpaka penti kusupuka mkati.

Pomaliza lowani mu siling'i ndi tochi. Bayani matabwa ndi sikuludiraiva makamaka kumapeto komwe alowa m'khoma. Ikangolowa ngati mukubaya chinangwa chophika, thabwa limenelo latha, kaya ndi kuwola kaya ndi chiswe. Jambulani zonse pa foni mubwere nazo, tikambirane pali manambala.

Mayi_wa_Bvumbwe

Bambo a ku Chitakale, zimene mukudutsamo ine ndinadutsamo, nyumba yathu inali ya mtundu womwewo. Mvetserani a Kalipentala, koma ine ndikuuzeni mbali ya ndalama ndi ya banja poti ndi imene inandiliza.

Ife tinachedwa, tinayamba ntchito kumapeto kwa Okutobala poganiza kuti mvula ikadali kutali. Mmisiri tinamupatsa ndalama yonse ya ntchito tsiku loyamba chifukwa anati ali ndi maliro kwawo, anasasula denga lonse tsiku limodzi, mawa lake osabwera, mkuja osabwera, foni yozima. Tsiku lachinayi kunagwa chizimalupsa champhamvu, nyumba ili yasa. Matiresi onse, matumba asanu a chimanga, mabuku a ana, zonse zinanyowa, ndinakhala pakhonde la aneba n'kumangoyang'ana madzi akutuluka pakhomo la nyumba yanga. Mpaka lero mtima umandipweteka ndikakumbuka.

Ndiye chonde, ntchito iyi ndi ya Ogasiti kapena Seputembala, chiperoni chitadutsa mvula isanaganize zobwera. Kwanu ku Mulanje nyengo yopanda mvula ndi yaifupi, musaiwerengere ngati ku Lilongwe. Denga asasasule lonse kamodzi, achotse mbali imene angathe kukhoma tsiku lomwelo kapena mawa lake, ndipo malona awiri akhale pafupi. Mukatero simusowa kusamuka, mumangosuntha katundu chipinda ndi chipinda. Amayi okhawo apiteni nawo kwa achibale sabata imeneyo chifukwa fumbi la mu siling'i ndi loipa, muli ndowe za makoswe ndi mileme, munthu wa chifuwa sangalipirire.

Zipangizo gulani nokha, mmisiri angokulemberani mndandanda, mupite nawo m'mashopu atatu kapena anayi ku Limbe mufananize. Lata mulione geji yake ndi maso anu, nambala ikachepa ndiye kuti lata ndi lokhuthala, 28 ndi wolimba kuposa 30 kapena 32, ndipo risiti musataye. Zonse zikhale pakhomo ntchito isanayambe, ngakhale misomali. Malipiro a mmisiri mugawe patatu, pang'ono poyamba, ina matabwa akakwera, yotsalayo akamaliza ndipo mwathira madzi padenga mwaona nokha kuti sipakudontha. Mulemberane papepala pakhale mboni, mukamatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba uthenga wake muzisunga. Musaiwalenso waya wa magetsi, ngati walowera padenga auzeni a ESCOM nthawi ilipo, ndipo mawaya a mu siling'i amene akhala akunyowa zaka zonsezi awaone wamagetsi wodziwa ntchito denga lili chotsegula.

Ife mmisiri wachiwiri anatipatsa nzeru yabwino. Sanagumule makoma onse, anagumula lakumbuyo lokha, malata n'kutulukira kunja kupitirira khoma, gutter n'kukhala panja poonekera. Ukaima kumsewu nyumba ikuonekabe ya fulati yokongola, koma madzi akugwera kuseri momasuka, tinaikako thanki timatunga ochapira. Malata akale sanatayike, tinafolera khitchini yapanja ndi khola la nkhuku.

Wa_zomangamanga_Thyolo

Ine ndiyankhepo za silabu zokha poti zikuoneka ngati nzeru yabwino koma ndi yoopsa pa nyumba yomangidwa kale. Konkire amalemera pafupifupi makilogalamu 2,400 pa kiyubiki mita. Silabu yokhuthala masentimita 15 ndiye kuti makilogalamu 360 pa sikweya mita iliyonse, pa masikweya mita 120 anuwo ndi matani opitirira 43, osawerengera zipinda zimene achimwene anu akufuna kudzamanga pamwamba. Maziko a nyumba yanu anakumbidwa kuti anyamule matabwa ndi malata basi. Kodi njerwa munamangira simenti kapena dothi? Ring beam, lamba wa konkire uja wozungulira pamwamba pa makoma, ilipo? Ngati simukudziwa bwino mayankho amenewa, silabu ichotseni m'maganizo pokhapokha injiniya wovomerezeka atabwera kudzafukula maziko n'kuwerengera, komanso pulani yake idutse ku khonsolo.

Chinanso anthu amaganiza kuti konkire salowa madzi. Amalowa. Silabu imafuna pulasitala wotsetsereka pamwamba wolondolera madzi ku mapaipi, kenako chinsalu cha phula chowotcha ndi moto wa gasi chija amati torch-on, ndipo chimenechonso chimatha ndi dzuwa, pamafunika kumachiona ndi kuchikonza. Konkire amatenga masiku 28 kuti afike mphamvu yake, masabata angapo m'nyumba mumakhala mitengo yochirikiza yokhayokha, ndiye banja lonse lisamuke, siling'i yonse ichoke. Pa ndalama ya banki m'khonde sizingatheke.

Njira ya Mayi a ku Bvumbwe ndikugwirizana nayo, kungoti lata likatulukira kunja mphepo imapeza pogwira. Matabwa amangiriridwe ku ring beam kapena m'munsi mwa mizere ingapo ya njerwa ndi waya wokhuthala kapena hoop iron, kachitsulo kopyapyala konga lamba, osangowakhazika pakhoma n'kutsekera njerwa ayi. Namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy anatiphunzitsa zimenezi, madenga ambiri anauluka athunthu ndi matabwa omwe. Malata akhomedwe pamsana pa mzere osati m'chigwa moyenda madzi, ndi ma screw a labala, ndipo m'mphepete muchulukitse. Ngati mungatenge kontilakita osati mmisiri wapamudzi, mufunseni satifiketi ya bungwe la boma loyang'anira ntchito zomangamanga.

mnyamata_wa_Nkando

Koma akuluakulu musaliipitse kwambiri denga lobisika, kwathu lilipo chaka chachisanu ndi chimodzi ichi silinadonthepo. Bambo anga amakwera kawiri pachaka kukasesa gutter, pomwe pakukayikitsa amapakapo mankhwala a kansalu aja. Mwina mmisiri wachiwiri uja akunena zoona, bwanji ayese kaye zotchipazo?

Kalipentala_wa_Luchenza

Aise sukunama, lobisika lomangidwa bwino limakhala, ndipo bambo ako akuchita zofunika kwambiri posesa. Mankhwala aja amagwira pa kabowo ka msomali kapena pa flashing yong'ambika pang'ono. Koma nyumba yoti siling'i inadzaza ndowa ziwiri usiku umodzi si nkhani ya kabowo ka msomali. Tidikire akwere atiuze.

wa_Chitakale

Ndabwerako akuluakulu, ndinakwera dzulo ndi mlamu wanga. A Kalipentala munalasa. Kuchokera kutsogolo kufika kumbuyo, mamita 10 onse aja, denga latsika masentimita 30 okha. Malata ndi wamba amizeremizere, olumikiza patatu, ndipo polumikizira ena angopitirirana ngati chikhatho changa, nditakweza limodzi pansi pake panali matope onyowa. Gutter ndi yopapatiza, phazi langa silinalowe bwino, paipi yotulutsa madzi ndi imodzi yokha ya mamilimita 75 pakona ya chipinda cha amayi pomwepo. Munali masamba a mtengo wa mapeyala wa aneba owolerana ngati manyowa, ndipo pakamwa pa paipi panatsekeka ndi mpira wachikulunga wa ana, kaya unagweramo liti. Titathira ndowa zitatu madzi anangoima, ena n'kumabwerera chakumtunda. Flashing kulibe, ndi simenti yosweka yokhayokha. Mu siling'i matabwa asanu akumbuyo sikuludiraiva inalowa mosavuta, akutsogolo ndi olimba. Ring beam ilipo, njerwa tinamangira simenti.

Za silabu ndawauza achimwene ndipo amva. Mtima wanga wapita pa njira ya Mayi a ku Bvumbwe. Koma nkhani ya ndalama ija ili pomwepo, Ogasiti uno sindingakwanitse. Ndipange bwanji kuti amayi adutse dzinja likubwerali mouma?

Kalipentala_wa_Luchenza

Mwagwira ntchito achimwene, tsopano tikulankhula zooneka. Masentimita 30 pamene pakufunika 90, apo ngakhale mukanagula malata okwera mtengo bwanji madzi akanalowabe polumikizira.

Ntchitoyi igaweni pawiri. Chaka chino, mu Ogasiti kapena Seputembala, ndi kangachepe muli nakoko, gumulani khoma lam'mwamba lakumbuyo lokha mpaka pa levulo ya malata, gutter yobisikayo ichoke, matabwa asanu owolawo asinthidwe, mzere womaliza wa malata muike otalikirapo kuti atulukire kunja masentimita 50 kapena 60. Ndi ntchito ya masiku ochepa ndipo njerwa zogumulazo muzisunge zidzagwira ntchito. Polumikizira malata patsukidwe, pauma apakepo mankhwala a kansalu amene mnyamata wa ku Nkando akunena, apa ndiye pamalo pake, angokuthandizani dzinja limodzi. Siling'i yonyowa ya chipinda cha amayi ichotsedwe yonse chifukwa nkhungu imakhala m'menemo, khoma liume mwezi wa Okutobala musanapake penti. Aneba muwapemphe mwaulemu asadze nthambi za peyala zoweramira kwanu. Ngati ngakhale izi zavuta, chochepetsetsa boolani khoma muike mapaipi awiri a mamilimita 110, imodzi ya 110 kukamwa kwake kumaposa ziwiri za 75, muboolenso kabowo kena chapamwamba pang'ono koti gutter ikadzaza madzi azitayikira kunja osati mkati.

Mukagawana mu Disembala ndalama isagone m'nyumba, mukudziwa mmene mitengo inathamangira kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Gulani malata nthawi yomweyo. IBR wodziwika uja amaphimba mamilimita 686 lata limodzi, ndiye pa mamita 12 ndi mizere 18, koma funsani pogula chifukwa ena amakhala otakata mosiyana. Abwino ndi odulitsa muyezo wanu kuti lata likhale limodzi kuchokera kumtunda mpaka kunsi, kungoti lata lopitirira mamita 10 kulinyamula pa Midima kuchokera ku Limbe pamafunika lole yaitali, ndiye ngati zavuta dulitsani pawiri, polumikiza apitirirane masentimita 30 ndipo pakati paikidwe chomatira. Musadulitse mmisiri asanayeze kutalika kwenikweni denga likadzakwera. Powasunga akhale m'nyumba pouma, pamatabwa, mbali imodzi yokwera, chifukwa malata osanjikizana akalowa madzi pakati amachita mawanga oyera n'kuyamba kuonongeka asanakhomedwe.

Matabwa gulani cha mu Meyi kapena Juni, paini wouma kapena bulugamu wokhwima, muwasanje pamthunzi ndi timitengo pakati kuti asapindike, muwapake mankhwala a chiswe makamaka kumapeto. Wina akabwera usiku ndi matabwa a mkungudza wa m'phiri mukaneni, ndi woletsedwa ndipo mtengowo watsala pang'ono kutheratu. Simenti yekha musagule msanga, ndi chinyezi cha kwanuko amauma m'thumba, mudzagule sabata yoyamba ntchito.

Ogasiti wa chaka chamawa ndiye ntchito yaikulu, khoma lakutsogolo ndi am'mbali akwere mizere ya njerwa 7 kapena 8 kuti masentimita 60 otsalawo apezeke, matabwa akwezedwe, IBR akhomedwe, flashing ilowe m'khoma mbali zitatu zonse.

Mayi_wa_Bvumbwe

Ndiwonjezere kamodzi bambo. Madzi akayamba kugwera kuseri adzakumba pansi pa khoma ngati simukonzapo, ife chaka choyamba anatikumbira mpaka maziko kuonekera. Muwake kakhonde ka simenti m'mbali mwa khoma lakumbuyo ndi kangalande kolondolera madzi kumunda, osati kwa aneba. Amayi muwapititsenso kuchipatala akawapime chifuwacho, musadikire denga.

wa_Chitakale

Zikomo kwambiri nonse. Amayi tipita nawo kuchipatala Lolemba, ndipo kuyambira lero agona kuchipinda chakutsogolo, ana asamukira pabalaza. Mmisiri wachitatu uja ndamuimbira abwera Lachitatu kudzayeza khoma lakumbuyo ndi kuwerenga matabwa, ndamuuza kuti kotesheni alembe ya chaka chino payokha, ya chaka chamawa payokha. A Kalipentala, akandipatsa mndandanda wa zipangizo ndiuika pano muuone ndisanapite ku Limbe.